Kodi Mtundu Umabadwa Woipa? Funso la Umunthu m'Malamulo a Dungeons & Dragons

Mu 1979 kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin ku America, idasindikiza kabuku ka masewera kotchedwa The Keep on the Borderlands, kolembedwa ndi Gary Gygax. Nkhani yake ndi ya linga la anthu lomangidwa kumalire a dziko, ndipo chapafupi ndi lingalo pali mapanga okhalamo mitundu ya zolengedwa zoopsa. Osewera amalowa m'mapangamo ndi malupanga. Pofotokoza okhala m'mapanga, wolembayo adawerengeramo akazi ndi ana, ndipo zimenezi zakhala zikuvutitsa osewera kufikira lero. Nkhondo ikatha, amuna onse atagwa, osewera amatsala akuyang'anizana ndi tiana tonjenjemera pakona. Buku la malamulo lidanena kale kuti mtundu wonsewo ndi woipa. Ngati zili choncho, kupha tianato ndi kuchotsa choipa chisanakule. Ngati sizili choncho, malamulowo adanama, ndipo amene adalowa m'phangamo ndi lupanga ndiye ali ndi mlandu woti ayankhe.

Nkhani ino ikusanthula funso limeneli poyang'ana ku Unit G, chimodzi mwa zigawo za Seke mu mzinda wa Chitungwiza ku Zimbabwe. Malamulo oyambira a masewerawa akhala akupezeka mwaulere pa intaneti kuyambira 2014, ndipo kanema wa Stranger Things, amene adayamba mu 2016, adawatchukitsa kwa achinyamata a m'maiko ambiri. Choncho mwana wa ku Unit G amene ali ndi foni akhoza kuwapeza monga momwe mwana wa ku London angawapezere. Koma mwana ameneyu akakhala mdzukulu wa mtchona wa ku Dedza kapena ku Mangochi, amawerenga malamulowo ndi maso ena, pakuti banja lake likudziwa tanthauzo lolembedwa m'buku ngati mtundu wina.

Dongosolo la masewera

Dungeons & Dragons idatuluka koyamba mu 1974, ndipo adaikonza ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Anthu angapo amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi, amene amatchedwa Dungeon Master, amafotokoza dziko lopeka ndi zonse zochitikamo. Aliyense wa otsalawo amatenga munthu mmodzi wa m'nkhaniyo, kaya msilikali, wansembe, mbala kapena wamatsenga, n'kumamulankhulira ndi kumusankhira zochita. Pamene chochitacho chili chokayikitsa, monga kulumpha chigwembe kapena kunyengerera mlonda, wosewera amaponya dayisi la mbali 20, n'kuwonjezerapo manambala olembedwa papepala lake. Nambala iliyonse ili ndi mwayi umodzi pa 20 wotuluka. Papepalapo pamalembedwa mphatso zisanu ndi imodzi: mphamvu, changu cha thupi, kupirira, nzeru, luntha ndi chikoka.

Mchewa sangadabwe nazo kwambiri. Ana posewera masanje, amene Ashona amati mahumbwe, amagawana maudindo a bambo, mayi, mwana ndi fisi, ndipo amatsutsana za zomwe aliyense akuloledwa kuchita. Ponena nthano, wokamba akati padangokhala, omvera amavomera kuti tili tonse, ndipo nthanoyo siyenda popanda kuvomera kwawo. Chachilendo m'masewera a Gygax ndi Arneson ndi chakuti malamulo adalembedwa, adasanduka manambala, ndipo amagulitsidwa dziko lonse lapansi ali chimodzimodzi.

Malamulo awiri ndiwo akhudza funso la nkhani ino. Loyamba ndi la mtundu. Wosewera amasankha kukhala munthu wamba, elf, dwarf kapena mtundu wina, ndipo kwa zaka zambiri mtunduwo unkawonjezera kapena kuchotsera pa mphatso zija. M'malamulo a mu 2000, wobadwa kwa munthu ndi orc ankapatsidwa mapointi awiri pa mphamvu ndi kuchotseredwa awiri pa nzeru ndi awiri pa chikoka. Lachiwiri ndi la mbali imene mtima umapendekera. Buku la osewera la mu 1978 lidagawa mitima m'magulu asanu ndi anayi, popingasitsa mizere iwiri: wa ubwino ndi kuipa, ndi wa kumvera lamulo ndi chisokonezo. Wosewera ankadzisankhira gulu lake, koma zolengedwa za m'buku la zilombo zinkabwera zitalembedwa kale. M'buku la mu 2014, orc adalembedwa kuti ndi woipa ndi wachisokonezo. Ma drow, amene ndi ma elf akhungu lakuda okhala pansi pa nthaka, adalembedwanso kuti ndi oipa, pamene abale awo oyera khungu adaikidwa kumbali ya ubwino. M'malamulo akale, mapointi okwezera wosewera ankachokera ku chuma chimene walanda ndi zilombo zimene wagonjetsa. Dongosolo lonse linkalipira munthu polowa kwa eni, kupha ndi kutenga.

Okhala ku Chitungwiza ndi buku lawo

Chitungwiza idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni a Seke, Zengeza ndi St Mary's, kumwera kwa Harare, ndipo pa kalembera wa mu 2022 idapezeka ndi anthu oposa 370,000. Dzina lake limakumbutsa malo a Chaminuka, mlosi wa Ashona amene adaphedwa ndi ankhondo a Lobengula mu 1883. Pakati pa anthu ake pali zidzukulu za amuna amene adachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale a Southern Rhodesia. Mbiri yawo idalembedwa ndi akatswiri monga Zoë Groves, m'buku lake la mu 2020 lolondola mapazi a matchona, ndi Anusa Daimon. Oimba a sungura Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, amene mizu yawo imafika ku Malawi ndipo mbiri yawo idakulira ku Chitungwiza, adalowetsa Chichewa m'nyimbo zimene dziko lonse la Zimbabwe lidavina.

Anthu amenewa adapatsidwa maina. Mabhurandaya lidachokera ku dzina la Blantyre, manyasarande ku Nyasaland. Mainawo amanyamula katundu: kuti anthu ake ndi amankhwala oopsa, osaphunzira, opanda kwawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Robert Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, ngakhale kuti Banda, Phiri, Mwale ndi Mbewe ndi mifunda yakale ngati ina iliyonse. Lamulo la unzika la mu 2001 lidalamula obadwa kwa makolo akunja kukana unzika wa maiko amene ambiri a iwo adali asanapondeko, ndipo ochuluka adatsala ndi zitupa zowatcha alendo, osaloledwa kuvota. Mu 2005, pa Operation Murambatsvina, pamene lipoti la Anna Tibaijuka wa bungwe la United Nations lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena ntchito, ogumuliridwa nyumba ankauzidwa kubwerera kumidzi kwawo. Mdzukulu wa mtchona adalibe mudzi wobwererako. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo adabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo adachokera m'maiko a SADC.

Palibe amene anganene kuti buku la masewera ndi lofanana kulemera ndi lamulo la unzika. Limodzi limasangalatsa anthu Loweruka masana, linalo lidalanda anthu voti. Komabe kapangidwe kake n'kamodzi: pali pepala, papepalapo palembedwa mtundu, ndipo mtunduwo ukunena zimene mwini pepala angachite ndi zimene ena angamuchite, iye asanatsegule pakamwa.

Maganizo atatu

Maganizo oyamba ndi a oopa matsenga. Ku America mantha amenewa adayamba mu 1979, pamene James Dallas Egbert III, wophunzira wa zaka 16 pa Michigan State University, adasowa, ndipo nyuzipepala zidaloza chala masewerawa. Wofufuza nkhaniyo, William Dear, adalemba yekha m'buku lake la mu 1984 kuti kusowako kudali ndi zifukwa zina. Mu 1983 Patricia Pulling, amene mwana wake adadzipha mu 1982, adayambitsa bungwe lolimbana ndi masewerawa, koma milandu imene adasuma sidapite patali. Kampaniyo idachita mantha, ndipo mu 1989 idachotsa m'mabuku ake mawu otchula ziwanda ndi adyerekezi n'kuikamo maina opeka, zolengedwazo zili zomwezo. Ku Chitungwiza mantha otere sangasekedwe, chifukwa kumeneko nkhani za matsenga zimakhudza moyo weniweni. Mu Januwale 2013 chinthu chidaphulika panyumba ya sing'anga ku Zengeza n'kupha anthu, ndipo mphekesera zidathamanga kuposa apolisi. Kholo loona mwana akuponya dayisi ndi kutchula mizimu likhoza kukumbukira hakata, timatabwa tinayi ta maula a Ashona, timene kagwedwe kake kamapereka mayankho 16. Koma kufananako n'kwa pamwamba. Woombeza amafunsa za matenda enieni ndi mdani weniweni, ndipo yankho lake limatuluka m'nyumbamo kukagwera munthu. Dayisi limangoweruza ngati munthu wopeka walumpha chigwembe chopeka. Oopa matsenga adayang'ana pa tsamba lolakwika la bukulo.

Maganizo achiwiri ndi a onena kuti awa ndi masewera chabe. Iwo ali ndi Johan Huizinga kumbali yawo, amene m'buku lake la Homo Ludens la mu 1938 adaonetsa kuti masewera amachitikira m'bwalo lopatulika, lokhala ndi malamulo ake, losiyana ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Wosewera bawo akadya nkhomo za mnzake sakhala mbala. Orc kulibe, choncho palibe amene walakwiridwa. Iwo amawonjezeranso kuti nkhani imafuna mdani, ndipo mdani wosakayikitsa amapatsa osewera mpumulo ku dziko lenileni limene chilichonse chili ndi mbali ziwiri. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti wopha ma orc patebulo amasanduka wankhanza pamsewu. Chofooka chake n'chakuti nkhomo ya bawo ilibe chinenero, ilibe mfumu, ilibe ana. Orc adapatsidwa zonsezi. Adapatsidwanso misasa, mafuko ndi zizimba, zinthu zimene mabuku a atsamunda ankagwiritsa ntchito pojambula anthu a ku Africa, Asia ndi America. Bwalo la masewera lili ndi mpanda, koma zomangira zake zidatengedwa kunja kwa mpandawo.

Maganizo achitatu ndi a onena kuti malamulo amaphunzitsa. Ferdinand de Saussure adayerekeza chinenero ndi masewera a chess, pofuna kuonetsa kuti phindu la kanthu kalikonse limachokera pa malo ake m'dongosolo lonse. Kutembenuza fanizolo, dongosolo la masewera ndi galamala: silikakamiza munthu kunena chinthu, koma limachititsa ziganizo zina kukhala zosavuta ndi zina kukhala zovuta. Pamene malamulo omenyera nkhondo ali ochuluka ndi atsatanetsatane, okambirana ali ochepa, ndipo mapointi akutuluka pa imfa ya mdani, wosewera wofuna kufunsa orc dzina lake akusambira mopikisana ndi madzi. Akhoza kutero, koma dongosolo silimuthandiza. Nkhani ino ikugwirizana ndi maganizo amenewa, koma ndi chenjezo limene Chichewa chenichenicho chimapereka.

Umboni wa galamala

Dungeon Master wa ku Unit G akafuna kuyendetsa masewera m'Chichewa kapena m'Chishona, amakumana ndi chisankho pa chiganizo chake choyamba. Maina a zinenerozi ali m'magulu, ndipo mneni amagwirizana ndi gulu la dzina. Akhoza kunena kuti mlendo uja wafika, kapena kuti chilombo chija chafika. Mphatikiram'mbuyo wa chi- amatha kukuza chinthu ndi kuchinyoza nthawi imodzi, monga m'mawu akuti chimunthu. Ashona adatenga mawu akuti gule n'kuwaika m'gulu lomwelo, n'kumati chigure ndi zvigure. Mwambi wodziwika umasewera ndi magulu omwewa: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Wokhala yekha watsitsidwa kufika pa kanyama, ndipo umunthu ukubwera ndi mnzake.

Chenjezo ndi ili: galamala payokha siweruza mlandu. Galu, fisi ndi kalulu amatenga mgwirizano womwewo umene munthu amatenga, pakuti amati galu wafika monga amati mwana wafika, koma palibe Mchewa amene amayesa galu munthu. Dongosolo limapendeketsa maganizo, siliwamanga unyolo. Chimene chinenero chimaonetsa bwino ndi kusiyana kwa mawu awiri, chibadwa ndi khalidwe. Loyamba lidachokera ku kubadwa, chinthu chimene chimachitika kamodzi ndipo munthu alibe nacho chonena. Lachiwiri lidachokera ku kukhala, chinthu chimene chimachitika tsiku ndi tsiku pakati pa ena. Achewa akati uje si munthu, amanena za wobadwa bwinobwino amene wataya umunthu ndi zochita zake, ndipo akati uje ndi munthu, amayamikira khalidwe. Anzeru a za umunthu monga Augustine Musopole ndi Harvey Sindima adatsindika mfundo imeneyi. Cholakwa cha buku la zilombo n'chakuti lidatenga mawu a khalidwe, ubwino ndi kuipa, n'kuwalemba m'danga la chibadwa. Kumeneku ndi kusokonezanso tanthauzo la mawu akuti kuipa. Cholengedwa chimene sichingachitire mwina sichingaimbidwe mlandu, monga momwe ng'ona siimbidwa mlandu. Chimene chingaimbidwe mlandu ndi chimene chikadatha kusankha mwina, ndipo chotero sichingaweruzidwe chili m'chikuta. J. R. R. Tolkien, wobadwira ku Bloemfontein mu 1892, amene ma orc a masewerawa adatengedwa m'mabuku ake, adavutika ndi funso lomweli m'zolemba za kumapeto kwa moyo wake, ndipo sadalimalize.

Fisi ndi gule

Wotsutsa akhoza kunena kuti Achewa nawonso alibe manja oyera. Amati make mbuu, mwana mbuu. M'nthano zawo fisi ndi wadyera ndi wopusa nthawi zonse, kalulu ndi wochenjera nthawi zonse. M'Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulengeza kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, ndipo amavinidwanso m'malokeshoni a Harare ndi Chitungwiza, muli zilombo zojambula alendo, monga Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Kutsutsa kumeneku n'koona, ndipo aliyense woyesa kukongoletsa mwambo ayenera kukuvomereza.

Kusiyana kulipo pa kumene chala chikuloza. Fisi wa m'nthano sakhala kutsidya kwa malire. Ndi mkamwini wosusuka, ndi mlamu waulesi, ndi mwana amene akumvera nthanoyo. Womvera amayenera kudzipeza yekha mwa fisi. Zilombo zambiri zimene Claude Boucher adasonkhanitsa ndi kufotokoza ku Kungoni, malo amene adayambitsa ku Mua mu 1976, zimadzudzula makhalidwe a m'mudzi momwemo: chiwerewere, umbombo, kuledzera, kudzikuza kwa mfumu. Chilombo chimabwera pabwalo, chimaonetsa choipa, anthu amaseka ndi kuopa, kenako chimabwerera kudambwe, mudzi n'kutsala ndi funso la khalidwe lake. Palibe amene amalandira mphotho pochipha. Orc wa m'buku la zilombo amagwira ntchito yosiyana: amachotsa choipa m'mudzi n'kuchisenzetsa mtundu wina, kuti osewera atsale oyera. Ndipo ku Zimbabwe mbiri idachita chipongwe chake. Gule, amene adapangidwa kuti mudzi udzione wokha, ena adamutenga ngati umboni wakuti Amalawi onse ndi owopsa.

Kusintha kwa malamulo

Eni masewerawa adamva madandaulo. Kampani ya Wizards of the Coast, imene idagula TSR mu 1997, idalengeza mu Juni 2020 kuti ma orc ndi ma drow adzajambulidwa ngati anthu okhoza kusankha zabwino kapena zoipa. Chaka chomwecho idalola osewera kusuntha mapointi a mtundu, ndipo mu 2022 idati isiya mawu a Chingerezi otanthauza fuko n'kutenga mawu a sayansi ya zamoyo. M'buku la osewera la mu 2024, mapointi a mphatso amachokera ku ntchito ndi makulidwe a munthu, ndipo orc ali pamndandanda wa amene wosewera angasankhe. Ena adayesa njira ina, yomanga maiko opeka pa nthano za ku Africa, monga Nyambe ya mu 2002 ndi Spears of the Dawn ya mu 2013.

Kusintha mawu kokha kuli ngati kuja kwa mu 1989, pamene ziwanda zidangopatsidwa maina atsopano. Kusuntha mapointi kuchoka pa kubadwa kupita pa makulidwe ndiko kusintha kwenikweni, chifukwa kukukhudza galamala ya masewera. Kudandaula kwakuti tsopano palibe mdani kulibe maziko. Wogulitsa akapolo ndi mdani, mfumu yolanda minda ndi mdani, ndipo onsewa amadziwika ndi zimene achita. Nkhani yotere imafuna ntchito yochuluka kwa woyendetsa masewera, pakuti ayenera kuonetsa mlandu asanapereke lupanga.

Choncho funso la tiana ta m'phanga lili ndi yankho. Ngati tili ndi chinenero ndi amayi, ndi tianthu, ndipo mzere wa m'buku wotitcha toipa ndi wolakwa. Tebulo lililonse lili ndi ufulu woufafaniza, pakuti mabuku a masewerawa amavomereza okha kuti woyendetsa masewera ali pamwamba pa malamulo olembedwa. Achinyamata a ku Unit G, a Chishona ndi a Chichewa omwe, ali ndi chifukwa chapadera chogwiritsa ntchito ufulu umenewu. Ena mwa agogo awo adayenda zaka khumi ndi ziwiri, kuyambira 2001 kufika 2013, ndi pepala lowatcha alendo m'dziko limene adabadwiramo, ndipo anansi awo adaona zimenezo zikuchitika.